Manja Pothyola Tiyi, Pakamwa Pogawa Malo

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje kudzera ku Thyolo amaona maiko awiri ogundana malire. Akangopitirira Bvumbwe, maso ake amagwera pa minda ya tiyi yoyalidwa pa zitunda ngati mphasa yobiriwira, yometedwa mofanana, mopanda nyumba kupatula malaini a antchito ndi fakitale yofuka utsi chapatali. Pamene tiyi wathera, pomwepo mudzi wayambira: nyumba kuseri kwa nyumba, chimanga chodzalidwa mpaka pakhomo, nandolo ndi chinangwa m'mizere yomweyo, manda opanikizika pakati pa minda, ndipo pamwamba pa zonsezi mapiri amene kale adali nkhalango, lero ometedwa mpala ndi kulimidwa mpaka pansonga. Woona zimenezi sachedwa kugamula kuti anthu a kuno achulukana. Sakunama. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, kutanthauza anthu oposa 400 pa sikweya kilomita iliyonse, pamene dziko lonse lidali ndi 186. Koma mawu oona amathanso kuphimba choona china chokulirapo. Kuthinana kwa ku Thyolo sikudayambire kuchipinda. Kudayambira pa chikalata cha malo ndi pa tikiti ya ntchito, ndipo anthu omwewo amene lero amawerengedwa ngati pakamwa pochuluka ndi zidzukulu za anthu amene dzana ankaitanidwa ngati manja osowa.

Ganizo lakuti umphawi umabadwa ndi kuchuluka kwa anthu lili ndi mwini wake. Mu 1798 Thomas Malthus, m'busa wa mpingo wa Anglican ku England, adatulutsa buku lotchedwa An Essay on the Principle of Population. M'menemo adati anthu, popanda chowaletsa, amawirikiza kawiri pa zaka 25 zilizonse, kuchoka pa 1 kufika pa 2, 4, 8, 16, pamene chakudya chimangokwawa: 1, 2, 3, 4, 5. Mapeto ake, njala, miliri ndi nkhondo zimabwera kudzadulira anthu kuti alingane ndi nkhokwe. Chiphunzitsochi chidakoma m'makutu mwa eni chuma chifukwa chimachotsa mlandu pa wogawa n'kuusenzetsa wobereka. Kuyambira 1805 Malthus yemweyo ankaphunzitsa pa koleji ya kampani ya East India, yosula anyamata okalamulira India, ndipo maganizo ake adakhazikika m'mitu ya atsamunda kwa mibadwo ingapo. Chofooka chake n'chakuti amawerenga anthu mbali iyi ndi minda mbali iyo, osafunsa kuti mindayo ndi ya yani, malire adaika ndani, ndiponso anthuwo adafika bwanji pamene alipo. Ku Thyolo mafunso atatu amenewa ndiwo mbiri yonse.

David Livingstone atakwera kumapiri a Shire mu 1859 adapeza Amang'anja m'midzi yambiri, akulima mapira ndi thonje, akuomba nsalu ndi kusula makasu. Zisanathe zaka zisanu zinthu zidatembenuka. Nkhondo zogwira akapolo, kulimbirana malo ndi Ayao amene ankafika kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndiponso chilala ndi njala ya 1862 mpaka 1863 zidamwaza anthu. Otsala adakwera m'mapiri kapena kukabisala m'malinga a mafumu amphamvu, ndipo Angoni atabwera ndi nkhondo mu 1884 mantha adaonjezereka. N'chifukwa chake azungu oyamba ofuna minda, monga John Buchanan ndi Eugene Sharrer, adapeza dziko looneka ngati lopanda mwini, chonsecho munali masala ndi manda a eni ake. Adalitenga kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, mafumuwo akuyesa kuti akupatsa mlendo polima monga mwa mwambo, poti mlendo ndi mame. Mame amenewa sadakamuke. Kuyambira 1892 Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, adayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim zosandutsa malowo kukhala a muyaya. Kumapiri a Shire kokha mahekitala oposa 350,000 adalowa m'manja mwa anthu owerengeka, ndipo malo a Sharrer, amene mu 1902 adapita kwa British Central Africa Company, adaphatikizapo gawo lalikulu la Thyolo. M'zikalatamo munali ndime yoteteza midzi ndi minda imene idalipo kale, koma yosanenapo kanthu za obwera m'mbuyo kapena za minda yatsopano imene ana adzafune. Malire adajambulidwa pa nyengo imene anthu adachepa kwambiri, n'kuwaumitsa ngati kuti dziko lidzakhala choncho mpaka kalekale.

Tsono dandaulo la eni minda pa nthawiyo silinali lakuti anthu achuluka. Linali lakuti anthu akusowa. Malo opanda wolima ndi tchire chabe, ndipo khofi, thonje ndi fodya zimene azunguwo adayamba nazo zinkafuna makasu ochuluka. Boma lidawathandiza ndi msonkho wa nyumba, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 lidalamula kuti wogwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu alipire theka la msonkhowo. Koma chimene chidapulumutsa maesiteti kwenikweni ndi kubwera kwa Alomwe. Kuyambira cha m'ma 1900 mabanja ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhondo za Apwitikizi, msonkho wowawa, ntchito yakalavulagaga ndi mbalamatodya. Kalembera wa 1921 adapeza Alomwe oposa 120,000 m'Nyasaland, wa 1931 oposa 235,000, ndipo wa 1945 pafupifupi 380,000. Chiwerengero sichiwirikiza katatu pa zaka 24 ndi kubereka kokha. Ambiri mwa anthuwa adabwera ndi mapazi, mitolo ili pamutu. Eni maesiteti adawalandira ndi manja awiri chifukwa, pokhala obwera, ndime yoteteza ija sinkawakhudza. Ankapatsidwa pomanga ndi polima, malipiro ake n'kukhala thangata. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa abale ndi anansi adasanduka dzina la ukapolo: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho, ndipo kapitawo akakana kudinda tikiti ponena kuti ndime sinathe, miyezi iwiri inkatalika kufika isanu kapena isanu ndi umodzi. Mkwiyo umene udaphulika ndi John Chilembwe mu Januwale 1915 ku Chiradzulu ndi ku Magomero udali ndi mizu m'nthaka yomweyi.

Tiyi adafika ku Thyolo mochedwerapo kusiyana ndi ku Mulanje, kumene adayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1890. Kuno adadzalidwa cha m'ma 1908, adakula m'zaka za m'ma 1920 pamene anthu ngati Maclean Kay, amene adayambitsa Satemwa mu 1923, ndi Mtaliyana Ignaco Conforzi adalowa m'ulimiwu, ndipo adalemeretsa eni ake pambuyo pa pangano la 1933 la maiko olima tiyi limene lidakweza mitengo. Kuti timvetse chifukwa chake mbewuyi imafuna anthu ochuluka okhala pafupi, tiyenera kuyang'anitsitsa ntchito yake. Wothyola amalowa m'munda kusanache bwino, dengu lili kumsana, pulasitiki kapena chiguduli m'chiuno chotchingira mame, n'kumathyola masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri akugwira ntchito, kuponyera kumbuyo osacheuka. Tsamba silidikira. Likakhalitsa pa mtengo limakhwima, likathyoledwa liyenera kufika pa sikelo ndi kufakitale tsiku lomwelo, ndipo m'nyengo ya mvula mtengo womwewo umafuna kubwereredwa patangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Tiyi wambiri wa pa chaka amatuluka pakati pa Disembala ndi Epulo, miyezi yomweyo imene munda wa chimanga umalira kupalira ndi kubandira, ndiponso imene nkhokwe zimakhala zitapepuka. Munthu wa munda waukulu ndi nkhokwe yodzaza sangasiye khasu lake mu Januwale kukathyola tsamba la wina. Esiteti inkafuna mudzi wodzaza anthu koma woperewera minda, woti mvula ikagwa upereke manja, chilimwe chikafika udzisamalire wokha. Kuthinana kudali mbali ya kapangidwe ka ntchitoyi, osati ngozi.

Walira mvula walira matope. Manja amene adaitanidwa adabwera ndi mabanja, ndipo mabanja amabereka, amakwatitsa, amafuna pomanga. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala pa maesiteti likuonetsa bwino mmene eni malo adayesera kutenga mvula n'kukana matope. Lidalola wokhala pa esiteti kulipira lendi ndi ndalama, ntchito kapena mbewu, koma lidapatsanso mwini malo mphamvu yothamangitsa banja limodzi mwa mabanja khumi alionse pa zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa, yochotsa mnyamata akakwana zaka 16, ndi yokaniza mwamuna wa mwana wamkazi kumanga pamalopo. Pakati pa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, kumene mwamuna amapita ku chikamwini ndipo munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi, kukaniza mkamwini kumanga kunali kudula mbumba pakhosi. Ochotsedwawo ankakathithikana pa timalo tochepa ta mafumu totsala pakati pa maesiteti, pamene mahekitala ambirimbiri a kampani adangokhala tchire losalimidwa. Kenaka akuluakulu a zaulimi, poona timinda ta m'mapiri tikukokoloka, adalemba m'malipoti awo kuti vuto ndi kuchulukana kwa anthu ndi ulimi wachikale. Mankhwala awo adali malimidwe: akalozera, migula ndi milambala yokakamiza, chindapusa ndi ndende kwa wokana. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo eni tiyi ankadandaulabe kuti tsamba likuonongekera m'munda posowa othyola, pamene amuna zikwizikwi ankapita ku Harare ndi ku Joni kotsata malipiro abwinopo. Dziko limodzi silingakhale lochuluka anthu ndi losowa anthu tsiku lomwelo, pokhapokha ngati vuto lili pa malipiro ndi pa malire.

Njala ya 1949, imene idakantha kwambiri boma la Blantyre ndi madera oyandikana nalo mvula itadula pakati pa dzinja, idaoneka kwa atsamunda ambiri ngati umboni wa Malthus. Koma katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lofufuza njalayi, adaonetsa kuti kuchuluka kwa anthu pakokha sikufotokoza amene adavutika ndi amene adapulumuka. Olembedwa ntchito ndi okhala ndi ndalama adapeza chakudya. Amene adazunzika kwambiri adali amayi osiyidwa ndi amuna awo, okalamba ndi ana, anthu amene dongosolo la malonda ndi la kagawidwe ka chakudya lidawalambalala. Boma lenilenilo linkadziwa kuti nkhani yagona pa malo. Mu 1946 lidaitana Sir Sidney Abrahams kudzafufuza, ndipo iye adalangiza kuti boma ligule malo a maesiteti osagwiritsidwa ntchito n'kukhazikapo anthu. Kugulako kudayenda mwaulesi, ndipo mu Ogasiti 1953, chaka chimene Nyasaland idakokeredwa m'chitaganya cha Rhodesia, Thyolo adaphulika. Zipolowe zidayamba ngati nkhani ya malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, koma posachedwa anthu adatseka misewu, kudula mawaya a telefoni ndi kukana lendi, ndipo zipolowezo zitafalikira m'maboma ena anthu 11 adaphedwa. Palibe amene adanyamula chikwanje chifukwa cha kuchuluka kwa ana a mnzake. Thangata idathetsedwa mu 1962, koma ufulu wa 1964 sudasunthe malire a minda ya tiyi, ndipo lamulo la malo la 1965 lidasiya zikalata za eni ake zili chilili.

Wotsutsa wanzeru anganene kuti zonsezi ndi zakale, ndipo kuti chiyambire ufulu ndi kubereka, osati kusamuka, kumene kwadzaza dziko. Ali ndi mfundo yolimba. Mu 1966 Amalawi adalipo pafupifupi 4 miliyoni; mu 1987 pafupifupi 8 miliyoni; mu 2018 oposa 17.5 miliyoni. Boma la Thyolo ndi lalikulu pafupifupi mahekitala 170,000. Titazula tiyi yense, n'kugawa dziko lonselo, mapiri, misewu, mitsinje ndi manda zomwe, munthu aliyense sangapeze ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala. Aliyense wolonjeza kuti kugawa maesiteti kudzathetsa njala ya malo akunamiza anthu. Umboni wina ndi ntchito ya Kudzigulira Malo, imene pakati pa 2004 ndi 2011, ndi thandizo la World Bank, idakhazika mabanja pafupifupi 15,000 pa malo atsopano, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Mangochi ndi Machinga, banja lililonse mahekitala awiri kapena kuyandikira apo. Ngakhale titati banja lililonse lidali la anthu asanu, onse pamodzi sangafike pa anthu oposa 130,000 amene adaonjezereka m'Thyolo mokha pakati pa kalembera wa 2008 ndi wa 2018. Nkhalango ya phiri la Thyolo idatha ndi nkhwangwa za anthu osowa polima, ndipo dothi la m'mapiri silimva mbiri yakale mvula ikagwa.

Kuvomereza masamu amenewa si kuvomereza Malthus. Iye ankaona kubereka ngati mphamvu yachilengedwe imene njala yokha ingaigonjetse, koma mbiri ikuonetsa kuti kukula kwa banja kumatsata moyo umene banjalo likukhala. Pamene ana ambiri amamwalira asanakwane zaka zisanu, pamene nkhalamba ilibe penshoni koma mdzukulu, pamene chakudya cha mawa chimadalira kuchuluka kwa opita ku ganyu, mawu akuti ana ndi chuma si umbuli. Ndi kuwerengera kolondola kwa munthu wosauka. Ndale nazo zidaikapo dzanja. Boma la Kamuzu Banda lidaletsa ntchito za kulera m'zaka za m'ma 1960, lidalola pulogalamu yotalikitsa nthawi pakati pa ana mu 1982, ndipo ndondomeko ya dziko ya chiwerengero cha anthu idadza mu 1994, chaka chomwe sukulu ya pulaimale idakhala yaulere. Zotsatira zake zikuoneka. Mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 tikatengera pakatikati. Pofika 2015 ndi 2016 adali 4.4. Mabanja adachepa osati chifukwa njala yawadulira, koma chifukwa ana ayamba kukhala ndi moyo, atsikana akukhalitsako pasukulu, ndipo njira zakulera zafika pa chipatala chapafupi. Umphawi ndiwo udatsogola, banja lalikulu n'kutsatira, ndipo umphawi wa ku Thyolo tauona kumene udachokera.

Wotsutsa wachiwiri amaima kumbali ya maesiteti. Amati tiyi ndi imodzi mwa mbewu zikuluzikulu zobweretsa ndalama zakunja pambuyo pa fodya, amalemba ntchito anthu pafupifupi 50,000 pachimake pa nyengo, amaphimba nthaka chaka chonse, ndipo nkhalango zachilengedwe zotsala m'bomali zambiri zili m'maesiteti momwemo. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake kusandutsa minda ya tiyi kukhala timinda ta chimanga kungakhale kuotcha nyumba pofuna kupha khoswe. Koma mfundoyi ikutsegula funso lina: kodi tiyi ayenera kukhala wa esiteti basi? Ku Kenya, kumene bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi lidakhazikitsidwa mu 1964, alimi a m'midzi ndiwo amatulutsa tiyi woposa theka, ndipo ali ndi mafakitale awo. Kuno bungwe lotere, Smallholder Tea Authority, lidabadwa mu 1967, koma mpaka lero maesiteti ndiwo amatulutsa tiyi woposa magawo 90 pa 100 alionse. Mtengo ndi womwewo, tsamba ndi lomwelo. Chosiyana ndi mwini munda ndi kumene phindu limagona. Madera a tiyi a ku Kenya nawonso ndi othinana, koma kumeneko kuchuluka kwa manja m'banja kumathera m'thumba la banjalo.

Apa ndi pamene katswiri wa zachuma wa ku Denmark, Ester Boserup, amatithandiza. Mu 1965 iye adatembenuza Malthus chadodolido ponena kuti anthu akachuluka amapeza njira zokololera zambiri pa malo ochepa. Thyolo ali ndi umboni wake. Mlimi wa ku Bvumbwe amakolola kabichi, tomato ndi mpiru kangapo pa chaka m'kadimba kongapo mapazi. Wina amaweta ng'ombe imodzi ya mkaka m'khola, kuidulira nsenjere m'mbali mwa msewu, ndowe n'kubwerera kumunda. Nthochi za ku Thekerani ndi Masambanjati zidadyetsa Blantyre kwa zaka zambiri matenda a chisaka asanaziononge. Mzere umodzi umanyamula chimanga, nandolo, nyemba, maungu ndi chinangwa. Amenewa si anthu ongodikira chilango cha chilengedwe. Komabe nzeru za Boserup zili ndi malire ake: luso la mlimi limabala pokhapokha pali msewu, msika, mtengo wabwino, mbewu yopanda matenda ndi chitsimikizo chakuti malowo sadzalandidwa. Zimenezi sizimera zokha. England wa Malthus yemwe adawirikiza anthu ake kangapo m'zaka za m'ma 1800 osafa ndi njala monga iye adaloserera, chifukwa anthu adapeza ntchito kunja kwa munda ndipo chakudya chinkabwera ndi malonda.

Nkhani ya malo ku Thyolo sidafe. Idamveka pamaso pa komiti ya pulezidenti yofufuza za malo ya 1996, idalowa m'ndondomeko ya malo ya 2002 ndi m'malamulo a 2016, ndipo m'zaka zomwezo gulu la People's Land Organisation lidautsanso mkangano wa malo a maesiteti ogona. Nthawi iliyonse yankho lofulumira limakhala lija lakale, lakuti anthu achepetse kubereka. Achepetsa kale, ndipo apitiriza, koma achinyamata amene akufuna pomanga lero adabadwa kale. Kulera kwa mawa sikungawabweze m'mimba. Chimene chingasinthe moyo wawo ndi zinthu zimene anthu adazipanga ndipo anthu angazikonze: malo osalimidwa apite kwa ofuna kulima, gawo la alimi ang'onoang'ono m'tiyi ndi m'mafakitale likule, malipiro a wothyola afike pomuthandiza kudutsa chilimwe, ndipo sukulu itsegule njira zina zosadalira khasu. Kwa zaka zoposa 120 munthu wa ku Thyolo wakhala akuwerengedwa kawiri, mu Januwale ngati manja, mu Ogasiti ngati pakamwa. Ndi munthu mmodzi yemweyo, ndipo malire amene adamupanikiza pakati pa tiyi ndi phiri adajambulidwa ndi cholembera mu 1892, agogo ake asanaoloke mtsinje wa Ruo kuchokera ku Mozambique.